Quadratic equation ikakukanikani: pezani pamene palakwika, mukonze nokha, ndipo dziwani nthawi yopita kwa aphunzitsi

Chaka ndi chaka, kuzizira kwa Juni kukamayandikira pa Mzuzu ndipo a Fomu 4 akayamba kugona mochedwa chifukwa cha mayeso a MSCE, makope a masamu amabwera ndi zolakwa zomwezomwezo. Kaya ndi mtsikana wa ku Chibavi, mnyamata wa ku Luwinga, kapena bambo wa pabanja amene akubwereza Fomu 4 ku sukulu ya madzulo, pa quadratic equation onse amagwera malo amodzi. Fomula amaidziwa ndithu, ena angaitchule ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku. Zimene zimawadyera malikisi ndi ziwiri zazing'ono: mainasi, ndiponso kuyamba kuwerengera mbali imodzi ya equation isanasanduke ziro.

Pezani mutu umene ukufanana ndi vuto lanu. Pansi pa mutu uliwonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chosowa. Musalumphe choyambacho poganiza kuti n'cha ana, chifukwa ambiri ndi pomwepo.

## Zoyezera ziwiri zoti mukhale nazo kaye

Quadratic equation ikakonzedwa bwino imaoneka chonchi: ax² + bx + c = 0, ndipo a sangakhale ziro. Ku sekondale timapeza mayankho ake m'njira zinayi: kufakitolaiza, completing the square, fomula ndi galafu. Njira iliyonse imene mwadzera, yankho lake liyezedwe.

- Kubwezera. Ikani yankho lanu m'malo mwa x mu equation imene ili pa pepala la mafunso, osati imene mwaisinthasintha kale.
- Kuphatikiza ndi kuchulukitsa. Mayankho awiriwo mukawaphatikiza ayenera kupereka −b/a, mukawachulukitsa apereke c/a. Lamuloli limatchulidwa ndi dzina la François Viète wa ku France, amene anamwalira mu 1603.

Ine ndimakonda chachiwirichi chifukwa chimayeza mayankho onse awiri nthawi imodzi, ndipo nthawi zambiri mutu wokha umakwana popanda kalikuleta. Pa x² − 5x + 6 = 0, mukapeza 2 ndi 3: kuphatikiza ndi 5, kuchulukitsa ndi 6. Zatheka, pitani ku funso lina.

## Vuto 1: Ndabwezera yankho koma mbali ziwiri sizikufanana

1. Munafakitolaiza mbali inayo isanakhale ziro. Ili ndiye tchimo lalikulu. Funso likuti x² + x = 12, munthu n'kulemba x(x + 1) = 12, kenako x = 12 kapena x + 1 = 12. Ayi. Kufakitolaiza kumathandiza pa chifukwa chimodzi chokha: manambala awiri akachulukitsidwa n'kupereka ziro, imodzi mwa iwo ndi ziro basi, palibe kuchitira mwina. Koma akapereka 12, akhoza kukhala 3 ndi 4, 2 ndi 6, 24 ndi 0.5, kapena ena osawerengeka. Simungaloze kuti ndi uti.

- Onani: mzere umene uli ndi mabulaketi ukuthera pa "= 0"?
- Konzani: x² + x − 12 = 0, ndiye (x + 4)(x − 3) = 0, x = −4 kapena x = 3.

Olemba mayeso amaudziwa msampha umenewu ndipo amautchera dala. Akakupatsani (x − 2)(x − 3) = 12, mabulaketi amenewo asakunyengeni kuti ntchito yatha. Amasuleni: x² − 5x + 6 = 12, x² − 5x − 6 = 0, (x − 6)(x + 1) = 0, x = 6 kapena x = −1.

2. Munakopera saini ya m'bulaketi. Kuchoka pa (x + 4)(x − 3) = 0 n'kulemba x = 4 kapena x = −3. Lembani mzere wapakati uja umene mumaona ngati wotayitsa nthawi: x + 4 = 0 kapena x − 3 = 0. Mukatero saini imadzitembenukira yokha.

3. Munaiwala nambala ya kutsogolo kwa x. Pa 2x − 3 = 0 yankho ndi 3/2, osati 3.

4. Yankho lili bwino, cholakwika ndi kuyezako. Pobwezera −4 mukadina −4² pa kalikuleta imakupatsani −16, chifukwa imayamba yasikweya 4 kenako n'kuika mainasi. Dinani (−4)² kuti mupeze 16.

5. Munakopera funso molakwika. Ikani chala pa funso, muwerenge nambala ndi saini imodziimodzi mukuyerekeza ndi kope lanu.

## Vuto 2: Ndapeza yankho limodzi, buku likuti alipo awiri

1. Munagawa mbali zonse ndi x. Pa x² = 5x, kugawa ndi x kumasiya x = 5, ndipo zimaoneka zaukhondo. Koma mwataya x = 0, yankho loona ndithu, pakuti 0² ndi 0 ndipo 5 × 0 ndi 0. Ziro sagawira chinthu, ndiye pamene munagawa ndi x munakhala ngati mwalumbira kuti x si ziro musanafufuze. Chitani chonchi: x² − 5x = 0, x(x − 5) = 0, x = 0 kapena x = 5. Kugawa ndi nambala wamba monga 2 kapena 7 kulibe vuto. Choletsedwa ndi kugawa ndi x kapena ndi bulaketi yokhala ndi x.

2. Munaiwala ± potenga square root. Kalikuleta imapereka wa pozitivu yekha, winayo muyenera kumukumbukira nokha. Pa (x − 3)² = 16, x − 3 = 4 kapena x − 3 = −4, ndiye x = 7 kapena x = −1.

3. Yankho ndi limodzidi. Werengerani b² − 4ac. Ikapereka ziro, mayankho awiri aja ndi ofanana. Pa x² − 6x + 9 = 0 timapeza (x − 3)(x − 3) = 0, x = 3. Apa simunalakwe chilichonse.

## Vuto 3: Mafakita akukana kupezeka

Apa ndi pamene nthawi ya mayeso imathera. Munthu amadzaza tsamba lonse ndi mabulaketi ofufutafufuta, belu n'kulira.

1. Simunawerenge zimene masaini akukuuzani. Musanayese nambala iliyonse, yang'anani c.

- c ikakhala ya pozitivu, manambala awiriwo ali ndi saini yofanana, ndipo sainiyo ndi ya b.
- c ikakhala ya negetivu, masaini ndi osiyana, ndipo nambala yaikulu imatenga saini ya b.

Pa x² − 2x − 15 = 0, c ndi −15, ndiye masaini ndi osiyana. Popeza b ndi −2, yaikuluyo ndi ya mainasi. Zatsala −5 ndi +3 basi: (x − 5)(x + 3) = 0.

2. a si 1, koma mukufunafuna mafakita a c yekha. Tengani 6x² + 7x − 3 = 0. Amene akusaka manambala ochulukitsana kupereka −3 ndi kuphatikizana kupereka 7 adzasaka mpaka mawa. Chofunika ndi kuchulukitsa a ndi c kaye.

- a × c = 6 × (−3) = −18.
- Manambala ochulukitsana kupereka −18, ophatikizana kupereka 7: ndi 9 ndi −2.
- Ng'ambani 7x pawiri: 6x² + 9x − 2x − 3 = 0.
- Tengani awiriawiri: 3x(2x + 3) − 1(2x + 3) = 0.
- (3x − 1)(2x + 3) = 0, x = 1/3 kapena x = −3/2.

Pa mzere wachinayi mabulaketi awiriwo ayenera kufanana ndendende. Mukaona (2x + 3) kwina (2x − 3), ndiye kuti munatulutsa −1 koma simunatembenuze saini ya −3. Bwererani pomwepo, musapitirire n'kumati zikonzeka kutsogolo.

3. Pali nambala imene ikulowa monse ndipo simunaichotse. 4x² − 20x + 24 = 0 igaweni ndi 4 isanduke x² − 5x + 6 = 0. Chimodzimodzi x² akakhala ndi mainasi: −x² + 3x + 10 = 0 ichulukitseni yonse ndi −1 ikhale x² − 3x − 10 = 0, imene ndi (x − 5)(x + 2) = 0.

4. Palibe x wapakati ndiye mwasokonezeka. 9x² − 25 = 0 ndi (3x − 5)(3x + 5) = 0. Apa b ndi ziro.

5. Mafakitawo kulibe. Si equation iliyonse imene imafakitolaizika ndi manambala athunthu. Werengerani b² − 4ac: ikapereka nambala ngati 1, 4, 9, 16, 25, 36, 49, mafakita alipo, pitirizani kusaka. Ikapereka ina, lekani. Pa x² − 4x − 3 = 0 timapeza 16 + 12 = 28, ndipo 28 alibe square root yathunthu, choncho pitani ku fomula. Funso lenilenilo limakunong'onezaninso: likanena kuti yankho likhale la 2 decimal places kapena 3 significant figures, wolemba akudziwa kale kuti kufakitolaiza sikutheka.

## Vuto 4: Kalikuleta ikulemba Math ERROR

Pa nkhani ya quadratic, uthengawu kawirikawiri umatanthauza kuti mwaipempha square root ya nambala ya negetivu.

1. b ndi ya negetivu ndipo mwaisikweya popanda bulaketi. Pa 2x² − 7x + 3 = 0, kudina −7² − 4 × 2 × 3 kumapereka −73. Zoona zake ndi 49 − 24 = 25. Kumbukirani kuti b² singakhale ya negetivu, zivute zitani.
2. Mwataya mainasi ya c. Pa x² + 3x − 5 = 0, c ndi −5, ndiye 9 − 4(1)(−5) = 9 + 20 = 29. Mukataya mainasi mupeza 9 − 20 = −11. Dziwani ichi: a ndi c zikakhala ndi masaini osiyana, Math ERROR siyenera kubwera n'komwe.
3. Equation simunaibweretse ku ziro, ndiye c mwaitenga ili tsidya lina ndi saini ya tsidyalo.
4. Mayankho kulibedi. x² + 2x + 5 = 0 imapereka 4 − 20 = −16. Galafu yake imayandama pamwamba osakhudza mzere wa x. Manambala oyankha equation yotere alipo, amatchedwa complex numbers, ndipo mukakumana nawo mukapitiriza masamu ku yunivesite, monga pa Mzuni apa. Pa pepala la sekondale lembani b² − 4ac yanuyo, munene kuti palibe real roots. Koma musathamangire chifukwa chachinayichi musanayese zitatu zija kawiri.

Ikalemba Syntax ERROR, vuto si masamu koma kadinidwe: bulaketi yotseka yopanda inzake yotsegula, kapena mabatani awiri monga × ndi ÷ atsatizana.

## Vuto 5: Ndagwiritsa fomula, yankho latuluka, koma likusiyana ndi la m'buku

Fomula ndi iyi: x = [−b ± √(b² − 4ac)] ÷ (2a). Tigwiritse chitsanzo chimodzi pa zifukwa zonse, 3x² − 4x − 2 = 0. Apa a = 3, b = −4, c = −2, b² − 4ac = 16 + 24 = 40, ndipo √40 ndi 6.3246. Mayankho oona ndi 1.72 ndi −0.39. Tsopano yang'anani chimene inu mwapeza, chikuuzani chokha pamene munapatukira.

Mwapeza −1.72 ndi 0.39. Manambala ali bwino, masaini atembenuka. Munalemba −4 m'malo mwa −(−4), amene ndi +4. Mankhwala ake ndi kulemba a, b ndi c pambali ndi masaini ake musanakhudze fomula, kenako kuika nambala iliyonse m'bulaketi mwake polowetsa.

Mwapeza 5.05. Munadina 4 + √40 ÷ 6, ndipo kalikuleta inagawa √40 yekha. Mzere wogawira uja umayambira pansi pa −b mpaka kumapeto. Ambiri amaujambula waufupi m'kope, kenako maso n'kukhulupirira zimene dzanja lajambula. Dinani 4 + √40, dinani =, kenako mugawe ndi 6.

Mwapeza 15.49. Munadina ÷ 2 × 3 m'malo mwa ÷ 6. Kalikuleta inagawa ndi 2 kenako n'kuchulukitsa ndi 3. Pezani 2a pamutu kaye.

Mwapeza 1.72 ndi −0.38. Mwaphonya pang'ono chabe chifukwa munadula √40 msanga kukhala 6.3. Sungani manambala anayi kapena kuposerapo pambuyo pa kadontho mpaka mzere womaliza, kudula kuchitike kamodzi kokha kumapeto. Zimawawa kutaya malikisi ntchito yonse ili bwino chifukwa cha kanambala kamodzi.

Mwapeza −0.39 buku likuti −0.387. Werenganinso funso. Loyambalo ndi la 2 decimal places, linalo ndi la 3 significant figures, pakuti ziro wa kutsogolo sawerengedwa. Pa 1.72 njira ziwirizi zimagwirizana, n'chifukwa chake ambiri sazindikira kusiyanako mpaka atakumana ndi nambala yoyamba ndi ziro.

Buku likuti (2 ± √10)/3, inu muli ndi (4 ± √40)/6. Ndi chinthu chimodzi. √40 ndi 2√10, ndiye pamwamba ndi pansi zagawidwa ndi 2. Dinani zonse ziwiri pa kalikuleta muone.

Palinso kulakwa kwina kobisika kwambiri, kotenga a, b ndi c motsata mmene manambala aimira pa pepala. Pa 3 + 5x − 2x² = 0, a si 3. a ndi amene ali ndi x², ndiye a = −2, b = 5, c = 3, ndipo mayankho ndi 3 ndi −1/2. Choipa chake n'chakuti mukasinthanitsa a ndi c, b² − 4ac imatulukabe 49 yemweyo, yokongola bwino, ndipo mumapeza 1/3 ndi −2 mtima uli m'malo. Kalikuleta sidandaula. Kubwezera kokha ndi kumene kungakugwireni dzanja.

## Vuto 6: Completing the square ikuthera m'malere

Njirayi ambiri amadana nayo chifukwa anailoweza osaiona. Koma ndi yakale kuposa zilembo a, b ndi c zimene timagwiritsa lerozi, ndipo fomula ija inabadwira mwa iyo. Cha m'ma 820, ku Baghdad, katswiri wa masamu al-Khwarizmi anafotokoza funso limene ife tingalilembe kuti x² + 10x = 39, ndipo analisonyeza ndi chojambula. Chijambuleni nanunso, ngakhale pa dothi kuseri kwa kalasi.

Jambulani sikweya ya mbali x. Malo ake ndi x². Tengani 10x muigawe pawiri, 5x ndi 5x, zikhale timizere tiwiri ta m'lifupi 5 ndi m'litali x. Kamodzi kamatikeni kudzanja lamanja la sikweya, kenako pansi pake. Muona kuti pangodya patsala kampata ka 5 kwa 5, kamene ndi 25. Mukatseka kampatako mwapanga sikweya yaikulu ya mbali x + 5, ndipo malo ake ndi 39 + 25 = 64. Mbali yake ndi 8, choncho x = 3. Iye manambala a negetivu sankawawerengera, koma inu pa mayeso mulembenso x + 5 = −8, x = −13. Amene wajambulapo chithunzichi kamodzi safunsanso chifukwa chake timatenga theka la b n'kulisikweya.

Zikasokonekera, fufuzani motere:

1. Simunagawe ndi a poyamba. Njirayi imafuna x² akhale yekha. 2x² + 8x − 10 = 0 iyambe yasanduka x² + 4x − 5 = 0. Gawani chilichonse, ndi c yemwe. Kenako x² + 4x = 5, (x + 2)² = 9, x = 1 kapena x = −5.
2. Mwawonjezera mbali imodzi yokha. Equation ili ngati sikelo ya mbale ziwiri ya ogulitsa nyemba mumsika: mukaika 4 mbale iyi, ikaninso 4 mbale inayo, apo ayi yapendekeka.
3. Mwasikweya b yense m'malo mwa theka lake. Pa x² + 4x timawonjezera 2², amene ndi 4, osati 16.
4. Mafulakishoni akugonjetsani. b ikakhala nambala yosagawika pawiri, musaisandutse desimo pakati pa njira. Pa x² − 5x + 2 = 0: x² − 5x = −2, theka la −5 ndi −5/2, kusikweya ndi 25/4. Kumanja, −2 + 25/4 = −8/4 + 25/4 = 17/4. Ndiye (x − 5/2)² = 17/4, x = 5/2 ± √17/2, x = 4.56 kapena 0.44.
5. Mwaiwala ±. Bwererani ku Vuto 2.

Funso likatchula njirayi ndi dzina, igwiritseni ntchito imeneyo. Kudzera ku fomula n'kupeza yankho lolondola sikukupatsani malikisi a njira imene anapempha.

## Vuto 7: Funso la mawu, equation ikukana kutuluka kapena yankho ndi lopanda nzeru

1. Simunanene kuti x ndi chiyani. Yambani ndi chiganizo: x akhale m'lifupi mwa nazale, m'mamita. Tiyerekeze nazale ya mbande za khofi imene m'litali mwake mukuposa m'lifupi ndi mamita 3, ndipo malo ake ndi 70 m². M'litali ndi x + 3, osati 3x, paja kuposa ndi 3 n'kosiyana ndi kuchulukitsa katatu. x(x + 3) = 70, x² + 3x − 70 = 0, (x + 10)(x − 7) = 0. M'lifupi ndi mamita 7, m'litali 10. Lembani mayankho onse awiri, kenako munene kuti −10 mwamukana chifukwa utali sukhala wa negetivu.

2. Pochotsa mafulakishoni munasiya china osachichulukitsa. Pa x + 6/x = 5, kuchulukitsa ndi x kumakhudza zonse zitatu: x² + 6 = 5x. Mafunso a liwiro ndiwo amavuta kwambiri pano. Munthu akupalasa njinga ulendo wa makilomita 48, pafupifupi ngati wochoka mu Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay. Akanawonjezera liwiro ndi makilomita 4 pa ola, akanafika msanga ndi ola limodzi. Nthawi ndi mtunda kugawa ndi liwiro, ndipo woyenda pang'onopang'ono ndiye amatenga nthawi yaitali, choncho iyeyo ayambe: 48/x − 48/(x + 4) = 1. Chulukitsani zonse ndi x(x + 4), ndi 1 wa kumanjayo yemwe: 48(x + 4) − 48x = x(x + 4). Zikutsala 192 = x² + 4x, x² + 4x − 192 = 0, (x + 16)(x − 12) = 0. Liwiro ndi makilomita 12 pa ola. Yezani ndi nkhaniyo: maola 4 pa liwiro la 12, maola 3 pa liwiro la 16, kusiyana ola limodzi.

3. Miyezo yasakanikirana. Liwiro likakhala la pa ola, mphindi 30 zilembedwe 1/2, osati 30. Masentimita ndi mamita chimodzimodzi.

4. Mwazolowera kuti wotaya ndi wa negetivu basi. Si nthawi zonse. Poloti ya mamita 20 kwa 14 ili ndi kanjira kofanana m'lifupi kozungulira mkati mwake, ndipo pakati patsala 160 m². (20 − 2x)(14 − 2x) = 160 imafika pa x² − 17x + 30 = 0, x = 2 kapena x = 15. Onse ndi a pozitivu, koma kanjira ka mamita 15 sikangalowe m'poloti ya mamita 14. Komanso funso likangoti pezani nambala, wa negetivu ndi nambalanso, musamutaye.

## Vuto 8: Galafu yatuluka yopindika molakwika

Kawirikawiri vuto lili mu tebulo, makamaka kumbali ya ma x a negetivu. Pa y = x² − 2x − 3, kuyambira x = −2 mpaka x = 4, ma y ndi 5, 0, −3, −4, −3, 0, 5. Onani kusiyana kwa oyandikana: −5, −3, −1, 1, 3, 5. Kukukwera ndi 2 nthawi zonse. Pa quadratic iliyonse, ma x akamakwera ndi 1, kukwera kumeneku sikusintha, ndipo ndi 2a. Pamene pasweka mndandandawu ndi pamene pali nambala yolakwika.

Tebulo likakhala bwino, onani izi:

- Timabokosi ta pa pepala la galafu mwatipatsa mtengo wofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto?
- Madontho mwawalumikiza ndi rula? Mzerewu ndi wokhota, ujambuleni ndi dzanja, ndi pensulo yosongoka, ndipo pansi pake pakhale pozungulira osati pathyathyathya.
- a akakhala wa pozitivu galafu imatsegukira kumwamba, akakhala wa negetivu imatsegukira pansi.

Akakuuzani kuti mugwiritse galafu yomweyo kupeza mayankho a x² − 2x − 5 = 0, musajambule ina. Wonjezerani 2 mbali zonse kuti kumanzere kufanane ndi galafu yanu: x² − 2x − 3 = 2. Jambulani mzere wa y = 2, muwerenge ma x pamene wadula, pafupifupi 3.4 ndi −1.4.

## Mwina vuto ndi kalikuletayo

Izi sizichitika kawirikawiri, koma kuyesa kwake n'kwa kanthawi kochepa.

- Dinani 2 + 3 × 4. Ikapereka 20 m'malo mwa 14, si ya sayansi, ndi yowerengera ndalama pa okala.
- Pamwamba pakaoneka mawu oti FIX, ikudula manambala yokha. Ibwezeni ku Norm.
- Ma Casio ena amapereka yankho la fulakishoni kapena la square root. Batani la S⇔D limalisandutsa desimo.
- Manambala akamaoneka mozimiririka, sinthani batire mayeso asanafike. Musabwereke ya mnzanu m'mawa wa tsiku la pepala, mabatani ake simukuwadziwa.

## Nthawi yoti muleke, mupite kwa aphunzitsi

Kulimbikira nokha kuli ndi malire, ndipo kupitirira pamenepo mumangozamitsa chizolowezi cholakwika. Imani mukaona izi:

- −3 − 5, kapena 1/2 + 1/3, zikukuimitsani mutu. Vuto lanu si quadratic, ndi ntchito ya Fomu 1. Palibe manyazi apa. Pemphani aphunzitsi akubwezeni ku manambala a negetivu ndi mafulakishoni, ndipo muona mavuto angapo a pamwambawa akutha okha.
- Yankho lanu likukwana pobwezera koma buku kapena pepala la mayankho likukana. Mabuku amalakwitsa nthawi zina, ndipo mayankho oyenda pa magulu a WhatsApp ndiye amalakwitsa kwambiri. Musasinthe ntchito yabwino kuti ifanane ndi yankho la munthu wosadziwika. Aonetseni aphunzitsi zonse ziwiri.
- b² − 4ac ikutulukabe ya negetivu pa funso la mawu mutayang'ana masaini kawiri. Ndiye kuti equation munaimanga molakwika kuchokera pachiyambi, ndipo pafunika maso ena.
- Mumakopera manambala molakwika kuchokera pa bolodi koma osati kuchokera m'buku. Auzeni aphunzitsi akusunthireni kutsogolo, ndipo makolo akutengereni kuchipatala kukapimitsa maso.
- Simukudziwa ngati kalikuleta yanu ndi yololedwa m'chipinda cha mayeso. Ena monga fx-991 amatha kupeza okha mayankho a quadratic. Funsani aphunzitsi a masamu kapena ahedi za malamulo a MANEB nthawi ikadalipo, musadalire za m'maluwa.

M'chipinda cha mayeso mulibe wofunsa, ndiye lamulo ndi lina. Mafakita akakana mutayesa kawiri kapena katatu, ndipo funso silinatchule njira, pitani ku fomula. Nayonso ikakana, siyani mpata, chitani mafunso ena, mubwerere pomaliza. Ntchito imene mwalemba musaifufute musanapeze ina yoikapo, chifukwa ochonga amapereka malikisi a njira ngakhale yankho lomaliza litaphonya.

Kwa makolo amene mukuganiza zolipira aphunzitsi apadera: muwapemphe ayambe aona kope la mwanayo asanayambe kuphunzitsa. Ndipo inu ophunzira, popita kwa aphunzitsi tengani funso lenilenilo, ntchito yanu yonse mzere ndi mzere yosafufuta, ndi kalikuleta imene munagwiritsa. Mukangonena kuti "Sala, quadratic sindikuimva," adzayambiranso mutu wonse ndipo nthawi idzatha. Koma mukaloza mzere n'kunena kuti "Madamu, kufika apa ndikumva, kuchoka apa kupita apa ndi pamene ndikusokonekera," adzakukonzerani pa nthawi ya buleki yomweyo.